Chikombole cha Mfuti ya Amalume

Donholm, Nairobi
9 Malichi 2024

Benedicta mlongo wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko, iwe, ana ndi adzukulu. Mwamuna wako sindikumufunsa. Ngati ali moyo, ali moyo. Kuno mwana wanga Deliwe akundisunga bwino. Nyumba yake ili m'mwamba, ndipo pa zenera ndimaona ndege zikutsika pang'onopang'ono ngati zatopa ndi ulendo. Foni usandiimbire, makutu anga samva mawu a m'kachitsulo. Kalata iyi yabwera ndi a Spencer, Mmalawi mnzathu amene timapemphera naye kuno. Amapita ku Lilongwe pa ntchito kawirikawiri. Yankho ulitumize ku ofesi yawo.

Madokotala a ku Parklands andiunika mkati monse ndi makina awo. Akuti nthenda ija ya chikhodzodzo yalowa m'mafupa. Sananene kuti ndichira, inenso sindinawafunse. Sukulu ndinalekera panjira, koma nkhope ya munthu ndimaiwerenga.

Tsono imva chimene ndikulembera. Ukukumbuka mmene tinaikira amalume? Mfuti yawo inalira pamanda, mbalame zinabalalika m'mitengo, ndipo anthu a midzi yakutali anaima m'minda mwawo nati, wapita mlenje. Ndiwo mwambo wa pabanja pathu. Ukukumbukanso mmene tinaikira mkulu wathu Reuben. Chete, ngati tikukwirira mbatata. Chifukwa chiyani? Chifukwa Arthur wakoyo anatenga zipolopolo zotsala n'kukathera pa nguluwe, nguluweyo osaipha n'komwe. Zipolopolo za mfuti imeneyo zinatha kalekale m'masitolo onse. Ine sindifuna kupita ngati mbatata. Ndikufuna mfuti ya amalume idzalire pa maliro anga, kamodzi kokha.

Pa benchi ya kuchipatala ndinakhala pafupi ndi mkulu wina wachimwenye, dzina lake Roy. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati m'Chingerezi, "Mzee, phewa lako lakumanja linatsika. Unali mlenje iwe." Ndinaseka koyamba chifikireni kuno. Bambo ake ankakonza mfuti za alenje kale, boma la kuno lisanaletse ulenje. Iye akuti khoko la chipolopolo, lija lamkuwa limene limatsala ukawomba, si chinthu chakufa ayi. Limadzazidwanso. Pamafunika chitsulo chopanira chimene amachitcha pulesi, ndi kachitsulo kena kobooka kotchedwa dayi. Ine ndikuti chikombole, chifukwa ntchito yake ndi ngati ya chikombole cha njerwa, kubwezera khoko m'maonekedwe ake. Mfuti iliyonse ili ndi chikombole chakechake. Kuti asankhe choyenera, ayenera kuona khoko lenileni.

Unditumizire khoko limodzi. Makoko ndinawasiya m'chitini chofiira, pamwamba pa khoma m'nyumba mwanga. Mfuti ija uziipukuta ndi mafuta, usaiimike pa chinyezi. Undiuzenso za mvula.

Ndine mlongo wako,
Jobe


Kapiri, Mchinji
3 Epulo 2024

Achimwene,

Kalata yanu yafika. Ife tili bwino. Mvula inadula pakati, chimanga cha kumtunda chapserera, koma mtedza ulipo. A Arthur, amene simunawafunse, akupereka moni. Bondo likuwavuta.

Nditawerenga za nthenda ndinalira, ndipo ndinakwera pa chulu paja pamene foni imagwira, n'kumuimbira Deliwe. Iye anati, "Adadi akupezako bwino, azakhali. Akudya, akuyenda." Ndiye ndikhulupirire ndani? Munthu amene nthenda yamulowa m'mafupa sakwera maminibasi kukafunafuna zida za mfuti.

Achimwene, ine ndinalipo pamanda a Reuben. Ndinaona ndi maso anga mukuwaloza chala a Arthur, ndipo ndinamva mukuti, "Chipolopolo china chikadzapezeka, chidzakhala chako." Anthu anachita kukugwirani. Kuchokera tsiku limenelo simunalowenso m'nyumba mwanga, ngakhale madzi anga simunamwe. Lero mwapeza mmwenye wodziwa kuutsa zipolopolo zakufa, ndipo mukuti ndi za maliro. Maliro a ndani?

Za makoko, chitini chija chilibe kanthu. Anyamata ogula zitsulo anadutsa chaka chatha, ndipo ana anawagulitsa zonse zonyezimira. Iwalani zimenezo. Muzimwa mankhwala, muzipita ku Misa. Ngati kumeneko kuli mafuta abwino opaka bondo, mumuuze Deliwe atumize.

Mlongo wanu,
Benedicta


Donholm, Nairobi
21 Epulo 2024

Benedicta,

Moni nonse. Mafuta a bondo Deliwe wagula. Ine sindinakhudze botolo lake.

Mawu a pamanda aja ndinanenadi, ndipo sindiwabweza. Koma ganiza bwino. Chipolopolo cha mfuti ya amalume ndi chinthu chaulemu. Ndingachitaye pa Arthur? Nguluwe ija inali ndi mwayi, iyenso ali ndi mwayi womwewo.

Ukuti chitini chilibe kanthu. Funafuna. M'mudzi muja mulibe nkhalamba yosunga fodya wake wa m'mphuno m'khoko? Amayi athu ankasunga m'menemo, n'kutseka ndi kachitsononkho.

Kuno mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka. Lachitatu ndinakwera matatu, ndiwo maminibasi a kuno, kupita kwa Roy. Msewu wa Outer Ring unadzaza madzi, magalimoto anaima, ndipo ine tulo tinandiba masanasana. Ndinaona msewu wonse wasanduka dambo la Rusa. Magalimoto anali ziswe ndi zulu, ndipo pakati pa udzu amalume ankayenda, mfuti paphewa, osatembenuka. Ndinawatsatira, miyendo yanga inali yopepuka ngati ya mwana. Anandidzutsa kondakitala, akuti, "Mzee, shuka!" ndiko kuti, "Mkulu, tsikani!" Ndinatsika mtima ukadali ku dambo.

Roy amakhala yekha m'nyumba yakale, pakati pa nyumba zazitali zatsopano. Kuseri kuli kachipinda konunkha mafuta ndi dzimbiri. Anavundukula nsalu, ndipo ndinaona mapulesi a bambo ake ataima pa thebulo ngati nkhalamba pa bwalo. Iliyonse ili ndi mkono wautali ngati wa mjigo. Ina ili ndi mutu wozungulira, umaika zikombole zingapo pamodzi, ntchito n'kumathamanga. Ina ndi yotseguka mbali imodzi ngati chikwakwa, yopepuka, koma Roy akuti ikakumana ndi khoko lalikulu imapindika msana. Ndipo pali ina yakuda, yolemera, yotsekeka ngati mphete. Imagwira chikombole chimodzi basi, ntchito imodzi pa nthawi.

"Ukufuna zipolopolo zingati, Mzee Jobe?" anandifunsa.

"Chimodzi."

"Chimodzi? Ndiye wozungulirayo musiye, ndi wa anthu othamanga. Iwe ndi ine tikuthamangira kuti?"

"Kumanda," ndinatero.

"Kumeneko salipiritsa ochedwa," anatero iye, n'kuika dzanja langa pa mkono wa yakudayo. "Tsitsa."

Ndinatsitsa. Benedicta, chitsulo chimenecho chimatsika mofewa ngati mpini wa khasu lozolowera dzanja. Chilibe phokoso. Ndinatsitsa, ndinakweza, ndinatsitsanso, mpaka tiyi wanga anazizira. Ndasankha imeneyo. Roy akuti sagulitsa, akundipatsa, chifukwa ana ake ali ku Canada ndipo akadzafa zonsezi adzaziyeza pa sikelo ya ogula zitsulo.

Onga iye alibe, chilolezo chodzazira chinatha ndi bambo ake. Koma akuti ndikapita ndi pulesi ndi chikombole kwa wogulitsa mfuti wachilolezo kwathuko, akhoza kundidzazira. Ndipo akuti pa maliro sipafunika mtovu kutsogolo. Pamangofunika mawu okha. Wamva? Chopanda mtovu sichipha ngakhale nkhuku.

Zikombole zili m'timabokosi tamatabwa, zambirimbiri, chilichonse chokulungidwa m'pepala lamafuta ngati khanda. Chimodzi mwa izo ndi cha mfuti ya amalume. Chikundidikira, koma popanda khoko sitingachizindikire. Tumiza, mlongo wanga. Masiku anga sali ngati mchenga.

Jobe


Kapiri, Mchinji
12 Meyi 2024

Achimwene,

Moni. Mafuta afika, tathokoza. Tayamba kukumba mtedza.

Khoko lili m'kansalu kamene ndakulunga ndi kalata ino. Ndinayenda m'mudzi monse osalipeza, osadziwa kuti lili m'thumba la malaya m'nyumba mwanga momwe. A Arthur ndi amene amasungiramo fodya wawo. Ndi limodzi mwa aja anawomba pa nguluwe. Nditawauza nkhani yonse anakhuthulira fodyayo m'dzanja n'kunena kuti, "Apatse alamuwo. Akandiwombe ndi kabotolo kanga komwe." Anaseka, koma ine ndakhala nawo zaka zambiri, kuseka kwawo ndimakudziwa.

Mwalemba kuti mawu aja simuwabweza. Ndawerenga pamenepo kambirimbiri. Za mtovu ndi zopanda mtovu ine sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinamuimbiranso Deliwe ndipo akuti mukupezako bwino ndithu.

Ndakutumizirani chimene mwapempha kuti musanene kuti mlongo wanu anakumanani. Zina zonse ndazisiya m'manja mwa Mulungu.

Benedicta


Donholm, Nairobi
2 Juni 2024

Benedicta mlongo wanga wokondedwa,

Mwadzuka bwanji nonse? Ine lero ndadzuka ngati mnyamata, ngakhale miyendo ikukana. Tsopano kwa Roy amandiperekeza Deliwe pa galimoto, matatu sindingathenso.

Khoko lafika! Roy analitenga ndi manja awiri, n'kuliika pamphuno kuti amve fungo la onga wakale. Anayetsemula mpaka magalasi ake anagwa pansi.

"Kwanu mumawombera tsabola?" anafunsa misozi ili mbwembwembwe.

"Ameneyo ndi mlamu wanga," ndinatero. "Ngakhale ali kutali amavutitsa anthu."

Tinalitsuka, tinalipukuta. Pansi pake pali timalemba tofufutika, ndipo iye anatiwerenga ndi galasi lokuzira, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Kenako anayamba kutsegula timabokosi. Chikombole choyamba chinali chachikulu, khoko linkasewera m'kati ngati mwendo wa mwana mu nsapato ya bambo ake. China chinalandira thupi koma chinakana khosi. Roy akuti chikombole sachikakamiza. Chikakana, chakana, ukaumiriza umang'amba khoko, ndipo ife tili nalo limodzi lokha. Tinapitiriza modekha dzuwa likusuntha pa khoma. Ine ndinayamba kuona ngati tikuyenda khomo ndi khomo m'mudzi wachilendo, kufunsa kumene kuli kwawo kwa mwana wosochera.

Choyeneracho chinali m'kabokosi kopanda chivundikiro, pansi pa zinzake. Roy anachimanga pa pulesi yakuda ija, anapaka khoko timafuta, n'kundiuza kuti nditsitse ndekha. Linalowa, Benedicta. Linalowa ngati munthu wofika kwawo. Nditakweza mkono linatuluka lowongoka, khosi lake labwerera, likuwala ngati silinaonepo nguluwe kapena fodya. Roy anavula chipewa. Akuti chikombole chimenecho bambo ake anachiitanitsira mlenje wina amene sanabwerenso kudzachitenga. Chakhala m'mdima nthawi yonseyi osagwirapo ntchito.

Khokolo ndimagona nalo m'thumba la malaya. Ndikatseka maso ndimamva kale kulira kwake. Ndimaona ngati ndili m'mwamba ngati ndege zija, ndikuyang'ana pansi, nonse mwaima pansi pa mitengo, utsi woyera ukukwera, ndipo mbalame zikundidutsa.

Deliwe akufunsa za mapepala onyamulira zitsulozi ndi okonzanso chilolezo cha mfuti chimene chinatha. Akuti zitheka. Tikufuna kubwera mwezi wa mawa. Umuuze Arthur kuti khoko lake lagwira ntchito. Usamuuze kuti ndathokoza, ungomuuza kuti lagwira ntchito.

Jobe

Azakhali, ndine Deliwe, ndikuwonjezera pansi pano adadi akupuma. Dzulo ndi pamene andionetsa makalata anu, ndipo mtima wanga wasweka. Pa foni ndinkati akupezako bwino chifukwa ndi mmene timanenera. Ndikanayamba bwanji kuwauza azakhali anga ali okha pa chulu kuti mchimwene wawo akutha? Ndinkaganiza kuti mukumva zimene sindikunena. Madokotala asiya mankhwala amphamvu aja, akungowapatsa oletsa ululu. Supuni ikuwalemera, azakhali. Sangaloze mfuti munthu aliyense. Chimene chikuwadzutsa m'mawa ndi kachitsulo kameneka basi.


Kapiri, Mchinji
4 Juni 2024

Achimwene,

Moni. Chitumizireni khoko lija sindinalandire yankho lanu, ndipo kukhala chete kwanu kwandiopsa kuposa makalata anu. Ndikulemba kuti mumve kwa ine, osati kwa anthu.

Sabata yatha ndinalowa m'nyumba mwanu, ndinatenga mfuti ija, ndinaikulunga mu mphasa, n'kuimanga pa njinga. Ndaipereka ku polisi. Ndinawauza kuti mwini wake ali kunja, chilolezo chinatha, ndipo pakhomo palibe woisamala. Anailandira, anandithokoza. A Arthur sanadziwe, ndinapita ndekha.

Mukwiya, ndikudziwa. Kwiyani. Kuli bwino mundide muli pakhomo panu kusiyana n'kuti ndizikubweretserani chakudya ku ndende, kwinaku ndikulima ndekha ngati mkazi wamasiye. Ndinu mlongo wanga mmodzi amene watsala, iwonso ndi mwamuna wanga mmodzi. Mukachira mubwere, tidzakhale pansi ngati anthu.

Benedicta


Donholm, Nairobi
23 Juni 2024

Benedicta,

Kalata yako ndawerenga. Ndikuona kuti inasemphana ndi yanga panjira.

Sindikutukwana. Mphamvu zake ndilibe. Ndinapempha Deliwe andiperekeze kwa Roy kukabweza zitsulo zake. Roy sanafunse zambiri. Anamasula chikombole chija, anachikulunga m'pepala lake, n'kuchibwezera m'kabokosi. Tinakhala pakhonde tikuyang'ana akakowa akuluakulu a kuno, aja a mutu wadazi, ataima pamitengo ngati akudikira mlandu. Kuno kwayamba kuzizira, dzuwa silikutuluka.

Amalume anayenda ndi mfuti imeneyo kuyambira ali mnyamata. Reuben anaisunga, ine ndinaisunga. Inathetsa njala pakhomo pathu kangati? Iwe wemwe unakula ndi nyama yake. Lero yapita pa njinga, mu mphasa, ngati mtembo wa mlendo.

Tsono imva mawu anga omaliza. Sindibwera. Ndamuuza Deliwe kuti andiike konkuno. Walira, koma wamva. Kwathuko anthu adzaima m'minda n'kutchera khutu, ndipo akadzamva kuti kuli zii adzati, mlenje wachiwiri wa banja lija wapitanso ngati wakuba. Kuno palibe amene akudziwa kuti ndinali ndani. Palibe adzatchere khutu. Manda a kuno ali pafupi ndi msewu, magalimoto amangodutsa. Chete wa pakati pa alendo sapweteka.

Nyumba yanga upatse ana ako. Moni kwa onse.

Jobe


Kapiri, Mchinji
5 Julayi 2024

Achimwene anga,

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi. Yoyamba ija a Spencer anaiiwala m'thumba la jekete. Ndawerenga ya chikombole, ndawerenga mawu a Deliwe, kenako ndawerenga yomalizayi. Ndinakhala pansi pabwalo mpaka nkhuku zinayamba kundizungulira.

Ndinabwerera ku polisi m'mawa mwake. A Arthur anakana kutsala. Anapalasa njinga ndi bondo lawo lija, ine ndili kumbuyo, njira yonse akudzuma. Atafika anavula chipewa n'kuwauza apolisi kuti, "Bwana, wolakwa pa mfuti imeneyi ndine kuyambira kale. Tibwerekeni tsiku limodzi lokha, mubwere nayo nokha, muiwombe nokha." Anatimvera chisoni, koma akuti inatumizidwa kale ku likulu pamodzi ndi zina, ndipo zopita kumeneko sizibwerera. Pobwerera njinga tinkaikankha. 

Sindikupemphani kuti mundikhululukire. Ndikukupemphani kuti mubwere. Munthu wa pabanja pathu sagona m'mphepete mwa msewu wa eni ake. Malo anu alipo, pakati pa amalume ndi Reuben, ndipo a Arthur akuti dzenje adzayamba kukumba ndi iwo, adzukulu a kumanda afune asafune.

Mukuopa chete. Achimwene, mwaiwala kuti muli ndi mlongo? Pa maliro a Reuben ndinalira mobisa, chifukwa ndinali ndi manyazi ndi zimene zinachitika. Pa anu sindidzabisa. Ndidzayamba galimoto yanu ikadzangokhota pa Kapiri, ndipo sindidzaleka. Ndidzatchula dzina lanu, ndi la amalume, ndi nyama zonse zimene munatidyetsa, imodziimodzi. Amene ali kumunda adzaponya makasu pansi. Amene ali kutsidya kwa mtsinje adzafunsa kuti wapita ndani, ndipo adzayankhidwa. Mawu anga akadzatha, ndidzalira ndi amene atsala.

Koma musadikire kubwera m'bokosi. Muuzeni Deliwe agule matikiti sabata ino. Nyumba yanu ndasesa, ndazira pansi, ndipo moto ndayatsa kale kuti chinyezi chichoke.

Ndine mlongo wanu,
Benedicta